Masikuluwu Odyeka Mitu

Munthuyo anatulukira pa Nsipe dzuwa lili paliwombo, akukankha njinga yamoto yofiira, kumbuyo atamangirira kathumba ka mpunga. Sanalonjere aliyense. Anadutsa amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu, nakaimika njingayo m'chisakasa cha Silvester, makaniko wachinyamata.

"Ikutsamwa," anatero. "Kabyuleta."

Silvester anayang'anitsitsa mpungawo. Esnath, mtsikana amene ankamukonda, anatsikira ku Sharpevale kwa abale ake nthawi yokolola ndipo sanabwerenso. Foni yake sinkapezeka. Pamsika pankamveka kuti kuli mkulu wina wa minda ya mpunga, Raphael, woyendera njinga yofiira, amene akumufunsira. Nkhope ya Raphaelyo Silvester sankaidziwa, koma ankailota kawirikawiri, ndipo m'malotomo inkakhala ngati yomweyi: ndevu zometa bwino, maso osaphethira.

"Dzina ndani, akulu?"

"Mukonza dzina kapena njinga?"

Silvester ananjuta. Masikuluwu omanga kabakuli ka pansi pa kabyuleta anali atadyeka mitu, pamtanda paja patasanduka kadzenje kosalala. Sikuludiraiva inkangozungulira ngati ikutakasa phala.

"Amene anagwira apa ankamasula ndi mpeni wa kukhitchini?"

"Mwina. Ngati zakukanikani nenani, ndipite kwa ena."

Silvester anadonthezera mafuta a mabuleki pamasikuluwuwo n'kudikira kuti alowerere. Kenaka anatenga mpeni wa sowo yodulira zitsulo, nacheka kamzere katsopano pamutu uliwonse, pang'onopang'ono kuti asalume kabyuletayo. Analowetsa sikuludiraiva yaphwatalala, anaigogoda ndi hamala, nakanikiza ndi phewa lonse. Masikuluwu anayamba kugonja. Imodzi yokha inakana, mpaka anaigogoda cham'mbali ndi tchizulo, kuikankhira kumanzere, ndipo inatembenuka ikulira.

Mlendoyo ankangoyang'ana manjawo.

"Mtsikana wina dzina lake Esnath mumamudziwa? Akuti ankakhala konkuno."

"Ndinamvapo."

"Mwana wabwino. Kwathu kuja aliyense akumufuna. Koma nkhani yake ithera m'manja mwanga."

Silvester anaweramira pa kabyuleta. Ndiye munthu akulande mkazi, abwerenso adzakunyogodole m'chisakasa chako chomwe?

Mlendoyo atawoloka msewu kukagula chimanga chowotcha, Silvester anatsuka kabyuleta yense bwinobwino. Atatero anatapa mchenga wosalala ndi zala ziwiri, nauthira m'kabakuli kaja. Ankadziwa chimene chichitike. Njinga ilira bwino poyamba, idutsa midzi, ndipo ikakafika m'mapiri otsikira kuchigwa, kopanda nyumba, kopanda mthunzi, mchenga ukatseka njira ya petulo. Anamuona m'maganizo mkuluyo akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, ndevu zija zitayera ndi fumbi. Anabwezera masikuluwu akale omwe aja, anawamanga ndi mphamvu zake zonse, n'kufafaniza timizere tija ndi tupa kuti pasapezeke wina wowamasula. Pamwamba anapakapo girisi.

Mlendo atabwera anaponda kamodzi kokha, njinga n'kulira mosalala. Apo m'pamene anamwetulira koyamba.

"Masikuluwu aja ndinawononga ndekha, achimwene, ndi msomali," anatero atakhala pachishalo. "Ndimafuna ndione ngati muli munthu wodekha. Wopsa mtima akanaswa kabyuleta yense."

Kenaka anapitiriza:

"Raphael uja tinamubweza kalekale. Esnath sakudya, pakamwa pake ndi Silvester basi. Foni ndinamulanda ndine, ndinati ndiyambe ndamuona mnyamatayo ndi maso angawa, osati kungomva. Ndamuona. Ndikangofika ndikamuuza kuti wasankha munthu wa mtima woyera. Ankhoswe anu abwere Loweruka."

Injini inkalirabe, ikukoka petulo kuchokera m'kabakuli kaja. Silvester anayang'ana girisi uja, anayang'ana tupa ili pansi pafupi ndi phazi lake. Akanena, wataya Esnath pomwepo. Akakhala chete, akamutayira m'mapiri muja, tsiku limene wina adzatsegule kabyuletayo.

"Akulu, tadikirani," anatero Silvester. "Inu ndinu ndani?"

Mlendoyo anaponda giya, njinga n'kuyamba kusuntha.

"Ankhoswewo akafika akafunse kwa Maynard Gama, malume ake a Esnath."