Wolawa Msuzi wa Phwetekere

Tsiku lophika phwetekere ndimalikonda, koma chaka chino ndinadzuka mtima uli m'mwamba. Ogasiti aliyense banja lonse limasonkhana pabwalo pathu kuno ku Puglia, m'dziko la Italy, kutsuka, kupera, kuwiritsa n'kuthira m'mabotolo msuzi wa chaka chonse. Ndipo botolo silitsekedwa bambo anga a Cosimo asanalawe chipande choyamba.

Vuto n'lakuti impso zawo zatopa. Adokotala anachita kundiloza ine chala: phwetekere, nthochi, mbatatesi, malalanje, zonsezi zili ndi potaziyamu wambiri, ndipo impso zikalephera kumutulutsa, mtima ukhoza kuima. Taganizani, munthu wolima phwetekere moyo wake wonse, lero ndizimupatsa kabichi ndi maapozi! Wina anganene kuti kulawa chabe si kanthu. Bambo ndikuwadziwa ine, chipande chimaitana mbale, mbale n'kuitana buledi.

Ndiye sindinakhale pansi. Ndikapita kumoto, diso lili kwa iwo. Ndikamatsuka mabotolo, diso lili kwa iwo.

"Iwe Nunzia, ukundilondera ngati mbuzi m'dimba," anatero bambo. "Ndine wakuba ine?"

"Wakuba weniweni! Dzulo munabisa chiyani m'thumba la malaya?"

Mlongo wanga Oronzo anaseka. "Asiye alawe kamodzi kokha. Afa nako?"

"Iwe khala chete! Kuchipatala umawaperekeza ndiwe?"

Msuzi utapsa, onse anasiya ntchito. Oronzo, mutu wake wosagwira uja, anatunga n'kupatsa bambo chipande ngati kale. Ndinafuna kulanda, manja anakana. Kuwalanda pamaso pa zidzukulu zawo? Mantha anandigwira, manyazi nawonso.

Bambo anakweza chipande chija. Ananunkhiza nthawi yaitali ali chitsinzire. Kenako anandiyang'ana.

"Bwera kuno, mlonda. Yasamula."

Ndinalawa, msuzi n'kundiwotcha lilime.

"Uli bwanji?"

"Mchere wachepa," ndinatero.

"Ndiye ukuuza ndani? Thira. Wolawa ndiwe tsopano."

Anandisiyira chipande m'manja n'kukakhala pansi pa mkuyu, atatifulatira. Sanatembenuke ngakhale pomwe tinkatseka botolo loyamba.

Zomwe ndinkafuna zinachitika ndithu. Koma ndinalira mpaka botolo lomaliza, Oronzo n'kumauza ana kuti azakhali awo wawalowa utsi m'maso.