Udzabwere Tidzaone

Telala atabwera kuchokera kosakasaka ntchito, anapeza chikwama chake chili pakhomo, pilo ali pamwamba. Alamu ake anali ataima pambali, manja m'chiuno. Mlandu unali woti mtsikanayu amakana ntchito, ndipo wokana ntchito alibe malo m'nyumba mwawo.



"Ndakana ntchito iti, alamu?"

"Ya ku hotela."

"Ija ndinakanadi. Amafuna wosoka makatani, koma azitsukanso mbale ndi kusambitsa galu wa manijala. Galuyo ndinamuona. Mutu wake ndi waukulu kuposa wanu."

Kukhitchini akulu ake anatsokomola, kutsokomola kwa munthu amene akumeza phwete.

"Nanga ya kushopu ya madiresi? Mayi aja anakuitana okha."

"Anati udzabwere tidzaone. Imeneyo ndi ntchito? Tiyeni limodzi. Mukamva mawu oti ‘yamba’, chikwamachi ndinyamula ndekha, simudzandionanso."

Anapeza mwini shopu atawerama pa tebulo, tepi m'khosi, mapini kukamwa. Anamuyang'ana telala ngati kasitomala.

"Diresi la ukwati?"

Alamu anavula chipewa n'kufotokoza zonse mwaulemu, mawu atawafewetsa ngati akupempha mbeta.

"Oo, uyu," anatero mayiwo akulavula mapini. "Eya, ndinati adzabwere tidzaone."

"Ndiye wabwera, mayi."

Mayiwo anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndaona."

Anatolanso sizasi yawo. Alamu anadikira, chipewa chikuzungulira m'manja.

"Ndiye ayambe liti?"

"Mudzabwerenso tidzaone." Kenaka maso awo anaima pa mapewa a alamuwo. "Koma inu bambo muli ndi msana wabwino. Ndikufuna wonditsitsira mipukutu ya nsalu m'galimoto. Mukhoza kuyamba pompano."

"Ine? Ine ndine kalaliki, mayi. Ndimagwira cholembera."

Anatuluka. Panjira alamu ankayenda mothamanga ngati aiwala mphika pamoto, telala ali pambuyo, akulankhula mokweza kuti ogulitsa m'mbali mwa msewu amve bwino.

"Alamu, mawu oti ‘yamba’ ndawamva ndithu. Koma sanagwere ine. Ndiye inuyo mwakana ntchito, mugona kuti lero?"

Alamu anangowonjezera liwiro. Atafika, anatola chikwama chija okha, pilo n'kumupanira kukhwapa, nalowa nazo m'chipinda cha ana.

Akulu ake anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Bambo a m'nyumba, ndiye mng'ono wangayu achoka liti?"

Alamu anapachika chipewa pa msomali, osacheuka.

"Tidzaona."