Wogula Jeke Ayambe Ndiye Kugona Pansi

Pa galaja yathu timagwira ntchito anthu atatu, ngati kuloza ndi chala kumawerengedwa kuti ndi ntchito. Eni ake ndi achemwali anga, amene malemu bambo anawasiyira makiyi poti m'banja mwathu ndi okhawo amene sataya zinthu. Ine ndine makaniko. Anthu amanditcha Chagada, chifukwa theka la moyo wanga ndalithera pansi pa magalimoto a eni ake, nkhope kumwamba. Wachitatu ndi amuna awo a achemwali, alamu anga, amene anabwera tsiku lina kudzangotiona ndipo mpaka lero akutionabe. Anapeza mpando, anaupukuta, n'kudzipatsa udindo wa mkulu woona zogulagula.

Kugula amakudziwa m'njira yawoyawo. Anatibweretserapo masipanala aulemu kwambiri, oti akakumana ndi nati yolimba amapindika okha n'kuipatsa njira. Anagulanso tochi imene imawala bwino masana. Zonsezi ndinkangoseka, chifukwa sipanala ikapindika chimapweteka ndi chala basi.

Koma tsopano jeke wathu wokwezera magalimoto anafa. Anali jeke wa bambo, chinkhalamba cha timatayala tachitsulo, chokoka ndi mpini wautali. Akayamba kudontha mafuta ndinkamusintha timalabala ta m'kati n'kudzukanso, koma ulendo uno unang'aluka ndi mkono wake weniweniwo. Apa kuseka kunandithera. Pa galaja yopanda dzenje ngati yathu, jeke ndi amene amaima pakati pa nthiti zanga ndi injini ya munthu wina.

"Ndikupita nanu kusitolo, alamu," ndinatero.

"Kukatani? Zogula zili ndi mwini wake."

"Kukanyamula."

Mawu amenewo anawakomera, tinapita.

M'sitolo ya zipangizo munali majeke mzere wonse. Ine ndinagwada pa wina wotuwa, wosaoneka bwino, ngati anapentedwa ndi munthu wokwiya. Ndinayesa kumunyamula, msana unandikumbutsa zaka zanga. Ndinayendetsa chala m'malo owotcherera, onse anali odzaza bwino. Miyendo yotakasuka, timatayala tachitsulo, matani atatu. Ndinamupopa mpaka pamwamba, ndinamupondapo, n'kupotokola mpini pang'ono: anatsika mwaulemu ngati munthu wamkulu akukhala pampando. Wogulitsa anati timalabala take amasunga m'sitolo momwemo. Pambali pake panali masitandi, zija zachitsulo zokhazikapo galimoto ukaikweza, kuti jeke asasenze yekha katundu.

"Alamu, uyu. Ndi masitandi awiri."

Iwo anali kale kutsogolo, atakumbatira katoni. M'katimo munali jeke wofiira, wonyezimira ngati wadzola. Pakatonipo anajambulapo galimoto yampikisano ndi mnyamata womwetulira wovala ovolosi yoyera mbee. Wogula ankapatsidwanso kapu yaulere.

"Taona uyu, Chagada. Ngakhale mwana akhoza kumunyamula."

"N'chimene chikundiopsa. Woti mwana anyamula, iyeyo anyamula chiyani?"

"Alemba kuti matani awiri."

"Katoni sikana inki, alamu. Nanga mnyamata wa ovolosi yoyerayu mukumuona ngati analowapo pansi pa galimoto? Chikomekome cha nkhuyu ichi."

"Vuto lako umaganiza ndi msana. Ife timaganiza ndi mutu. Wako wotuwayo mtengo wake ndigula ofiira awiri n'kutsalanso ya mafuta."

"Nanga masitandi?"

"Masitandi ndi a anthu osakhulupirira jeke wawo."

Ndinanyamula katoni ija monga ndinalonjezera. Ndi dzanja limodzi. Alamu anatsogola atavala kapu.

Titafika, tinapeza wa butchala wa kuseri kwathu akutidikira ndi pikiapu yake, imene paipi ya utsi inali italendewera. Ndi galimoto yakale, yachitsulo chenicheni, yolemera ngati mlandu. Achemwali anatuluka mu kaofesi kawo, anayang'ana jeke, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kapu nthawi yaitali.

"Wasankha ndani?"

"Ine, mayi," anatero alamu. "Ndapulumutsa galaja ku mitengo yakuba."

"Mwachita bwino, amuna anga. Chagada, kweza galimotoyo. Bwana alowe."

"Ndilowe kuti?"

"Pansi. Simukudziwa lamulo la bambo? Pa galaja ino jeke watsopano amayamba kumugonera pansi ndi amene wamugula. Amagona mpaka enafe titamaliza tiyi. Bambo anagonera pansi pa wakale uja ine ndikuona, amayi atagwira pamtima."

Lamulolo linalipodi, kungoti jeke wa bambo anakhalitsa mpaka tonse tinaliiwala. Achemwali okha, monga ndanena, sataya zinthu.

"Zimenezo zinali za kale," anatero alamu. "Masiku ano kuli chitsimikizo cha kampani."

"Ndiye mulowe nacho chitsimikizocho," anayankha achemwali. "Kapena mukufuna kuti mlongo wanga agone pansi pa chinthu chimene inu mukuchiopa?"

Wa butchala anali atakhala kale pa chitini cha mafuta, mwendo pamwamba pa unzake. Alamu anayang'ana kumsewu, koma kunalibe wowaitana. Anakonza kapu.

"Ndani wanena za kuopa? Yala katoniyo, Chagada. Muone lero kusiyana kwa kugula ndi kutola."

Ndinalowetsa jeke kumbuyo kwa pikiapu n'kuyamba kupopa. Anakweradi, ngakhale mpini unkanjenjemera m'manja ngati mwana wamalungo. Ndikuyala katoni, achemwali anandinong'oneza kuti, "Ika matayala akale aja m'mbalimu, ndi malimu ake achitsulo omwe. Sindikufuna umasiye, ndikungofuna mwamuna womva." Ndinasanjikiza matayala mbali zonse ziwiri, ndipo ndinayeza bwino ndi diso: galimoto ikatsika idzakhale pamatayalapo, alamu atsale amoyo, koma atamva uthenga.

Analowa chagada, malaya oyera, nsapato zonyezimira zitatsalira kunja. Achemwali anathira tiyi. Sindinawaonepo akumwa tiyi mofatsa chotero. Ankauzira ngakhale atazizira kale.

"Muli bwanji kumeneko, alamu?"

"Ngati kuhotela," mawu anatuluka pansi pa galimoto. "Mpweya wabwino. Sindikudziwa chimene umadandaula."

Ine maso anali pa jeke. Pakhosi pake panatuluka kadontho ka mafuta, kanaganizaganiza, kenako kanatsetsereka. Kanabwera kena. Tayala lakumbuyo, limene linali m'malere moti nkhonya inkalowa pansi pake, tsopano linkangolola zala zitatu.

"Bwana," anatero wa butchala, "galimoto yangayi ikuoneka ngati ikukufunani."

"Sikutsika. Ndi maso anu."

"Kapena ndinu mukufufuma?"

"Ndikupuma basi. Munthu asapume?"

Wa butchala anawerama n'kusuzumira, ndi diso lija amayang'anira ng'ombe asanaigule. "Mpata watsala wa chikhatho chimodzi pamwamba pa mimba. Koma mafutawo alipo abwino, athandiza. Nthiti zili kutali."

"Jeke aliyense watsopano amayamba wakhazikika kaye," anatero alamu. Mawu anali atayamba kuonda, chifukwa anali atakokera mimba m'kati. "Zalembedwa pakatoni."

"Katoniyo mwaigonera, alamu. Tembenukani muwerenge."

Kutembenuka kunali kutatha kale. Tinangoona nsapato zikusuntha, ina kuloza kum'mawa ina kumadzulo.

"Mayi, tiyi uja sanathe?"

"Ndikuwonjezera shuga, amuna anga."

Apo jeke anatulutsa kamawu ngati munthu wousa moyo, ndipo pikiapu inatsika n'kukhala phee pamatayala akale aja. Chitsulo cha pakati pa matayala akumbuyo, chija chonenepa chodzaza girisi, chinakhala pamimba pa alamu mofatsa, ngati dzanja la dokotala.

Kenako kamawu kanati, "Alamu anga."

Chikwatirireni achemwali anga, munthuyu anali asananditchulepo choncho.

"Wawa, bwana."

"Sikuti pali vuto. Koma ndakumbukira kuti ndili ndi foni yofunika kuimba."

"Tikupatsireni pomwepo?"

"Ndikokeni, alamu. Chonde."

Jeke wofiira nditamupopa ankangopuma mpweya. Tinabwereka jeke ku galaja yoyandikana nayo, n'kukweza pang'ono, kenako n'kuwakoka, ine mwendo uwu wa butchala mwendo uwo. Anatuluka bwinobwino, opanda bala, koma pamalaya panali chidindo chakuda chozungulira, chokhala ndi mabawuti ake omwe. Kapu inatsalira pansi pa galimoto.

Anaimirira, anadzisansa, ndipo ndinaona ndi maso anga munthu akusandutsa manyazi kukhala nkhani ya pamsonkhano.

"Mwaona tsopano?" anatero. "Ndicho chifukwa ine ndimalimbikira zoyesa katundu. Chikhala kuti sindinalowe ndekha, tikanadziwa bwanji? Jeke uyu abwerere. Tikufuna wolemera, wa miyendo yotakasuka, matani atatu. Ndi masitandi. Galaja yanji yopanda masitandi? Ndakhala ndikudabwa."

"Ndiye mupitanso kusitolo?" anafunsa achemwali. "Musaiwale kuti wogula ndiye amayamba kugona pansi."

Alamu anayang'ana chidindo chija.

"Mkulu wabwino amagawa ntchito," anatero. "Kuyambira lero, chilichonse chimene munthu amagona pansi pake, azigula Chagada. Ine ndiziona za sopo ndi mababu."

Wa sitolo anakana kulandira jeke wodontha mpaka alamu atamuonetsa malaya. Anavomera kusinthitsa titawonjezera pamwamba, koma anati kapu ibwerere. Pamenepo ndi pamene alamu anamenya nkhondo yeniyeni, ndipo anapambana.

Masana a tsiku lomwelo ndinakweza pikiapu ija ndi jeke wotuwa. Ndinkati ndiike masitandi, achemwali anati lamulo ndi lamulo, ayambe wayesedwa yekha, matayala akale okha m'mbali. Ndinayala katoni yatsopano, yokhuthala bwino, n'kulowa. Ndinayang'ana chitsulo chija pamwamba panga. Chinali pomwe ndinachisiya. Ndinachiyang'ananso, sichinasunthe. Kunja masupuni ankalira m'makapu a tiyi, wa butchala akufotokozera wa galaja yoyandikana nayo nkhani yonse, mimba ikukulirakulira pa kufotokoza kulikonse.

Chimene chinandidzutsa ndi nsapato yonyezimira ikugogoda phazi langa.

"Mayi, bwerani mudzaone," anali kunena alamu. "Timugulire jeke wodula, iye azidzachita mkonono nthawi ya ntchito. Ndi wofiira uja sakanagona chonchi."