Foni ya Zitini

Ana a ku sukulu ya mkaka ankamutchula kuti Anti Zitini, chifukwa chitini sankachidutsa osachitola. Anali atangomaliza sekondale, ndipo podikira kuti koleji imuitane, ankathandizira kuphunzitsa pa kasukulu ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Kudikirako kunkamuwotcha mumtima. Iye ankafuna moyo uyambe lero lomwe, moyo wa malabotale owala ndi munthu woyenda naye pansi pa ambulera imodzi. Koma chomwe anali nacho ndi tiana ta mamina, choko chothyokathyoka, ndi thumba la zitini pansi pa bedi.

Ankakhala kwa mkulu wake, telala wosokera pakhomo. Mkulu wakeyo anali ndi mwana mmodzi, mnyamata wa zaka zisanu, yemwenso anali m'kalasi mwa Anti Zitini. Aliyense ankangomuti Ndwii. Ukamuyankhula ankakuyang'anitsitsa pakamwa, maso ali ndwii, ngati wabisamo switi. Ukamuitana ali chofulatira, sankacheuka n'komwe. Ukamutuma sizasi ankabwera ndi tepi. Makofi anali atamuthera m'masaya, koma osasintha.

Ndiye sabata imeneyo mayi ake anali atatopa. Chikwama chabuluu chinali pamwamba pa kabati, zovala za Ndwii zili m'katimo. Loweruka kunali kubwera azakhali ake a mwanayo, mayi wa dzanja lolemera wokhala kutali, kudzamutenga kuti akamuwongole.

"Achemwali, mwana ameneyu ndi wamng'ono," anatero Anti Zitini madzulo ena, ali chikhalire pakhonde ndi zitini zake.

"Wamng'ono pati? Makani ake ndi a munthu wa ndevu. Dzulo njinga yamoto inatsala pang'ono kumuphwanya, ine ndikukuwa mpaka mawu kutha, iye akungoyenda ngati msewu anagula. Ndimudikire afe?" Makina osokera analira, kenako n'kuima. "Ndipo iwe, zinyalala zakozo zikundiitanira mphemvu m'nyumba."

"Si zinyalala. Ndi sayansi."

"Sayansi ya mphemvu."

Anti Zitini ankapanga foni. Lachisanu ankafuna kuonetsa ana kuti mawu amayenda, kuti si mzimu, ndi kanthu konjenjemera komwe kangathe kukwera chingwe ngati nyerere. Poyamba anayesa makapu a yogati, koma atawaboola ndi msomali anang'ambika. Anatenga zitini ziwiri za mkaka, n'kuziboola pansi pogogoda msomali ndi mwala. Milomo ya zitinizo inali yakuthwa, moti inamucheka chala. Anaikulunga ndi mphira wa chubu chakale cha njinga. Chingwe ndiye chinamuvuta. Ulusi wa juzi yakale unkameza mawu onse. Ulusi wa makina unkaduka akangoukoka. Mapeto ake anamasula ulusi wolimba wosokera pakamwa pa thumba la shuga, n'kuulumikiza ndi unzake, n'kuupaka kandulo kuti uterere. Mfundo inkapulumuka pabowo, choncho anaba mabatani awiri m'botolo la mkulu wake, n'kumangirira limodzi m'kati mwa chitini chilichonse.

Atamaliza anayang'ana kutsidya kwa msewu, komwe mnyamata wokonza mafoni ankatseka kashopu kake. Anayerekeza chingwecho chitakungika kuchoka pakhonde mpaka pazenera lake, iye n'kunong'oneza mawu amodzi okha. Koma mnyamatayo anakoka chitseko, n'kupita osacheuka.

"Ndwii! Tabwera undigwirire uku."

Mwanayo anali pomwepo, akulumikiza zivindikiro za mabotolo, atafulatira. Sanatembenuke. Anti Zitini, mtima wake wapachala uja, anamukoka khutu. "Ndikuyankhula ndi iwe!" Mwanayo anadzidzimuka, n'kumuyang'ana pakamwa. Pomwepo mayi ake anamuitanira kukasamba, ndipo foniyo inagona osayesedwa.

Lachisanu m'mawa Anti Zitini anatulutsa ana panja, pakati pa khoma la sukulu ndi mtengo wouma wopachikapo belu. A Madamu, eni sukuluyo, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Zimenezi zithe belu lisanalire. Ndipo wina akachekeka, ukawafotokozera wekha makolo ake."

Anti Zitini anagwira chitini chimodzi, china n'kupatsa kamtsikana kosowa mano a kutsogolo. "Bwerera m'mbuyo. Bwererabe. Chingwe chikungike, chikalendewera mawu amagwera pansi. Wina asachikhudze! Tsopano ika chitini pakhutu."

Anabisa pakamwa m'chitini n'kunong'ona: "Ngati ukundimva, dumpha ngati chule."

Kamtsikanako kanatong'ola maso, kanasuzumira m'chitini, kenako kanayamba kudumpha. Ana onse anangoti gwaa kuseka.

"Anti alowa m'chitini!"

"Bodza iwe, angakwanemo ndi miyendo yawo yaitaliyo?"

"Ine! Ine, Anti!"

Aliyense anapatsidwa zochita zake. Wina anauzidwa agwire mphuno, wina alire ngati mbuzi, wina akapereke moni kwa a Madamu, omwe anayesetsa kuumitsa nkhope koma inawakanika. Mtima wa Anti Zitini unkauluka. Ankadziona kale atavala chovala choyera, akuphunzitsa holo yodzaza.

Ndwii anali womaliza. Anaika chitini pakhutu bwinobwino monga anaonera anzake, maso ali pa Anti.

"Ngati ukundimva, kweza dzanja."

Mwanayo anangoima. Maso ake ankafunafuna pakamwa pa Anti, koma pakamwapo panali pataphimbidwa ndi chitini. Anayang'ana anzake. Kenako anamwetulira, n'kuyamba kudumpha ngati chule.

Ana anaseka. A Madamu anapukusa mutu. "Mwana ameneyu! Chilichonse amachita zake."

"Sindinati chule," anatero Anti Zitini. Anakunganso chingwe, n'kuyankhula mokwezako. "Ndwii, kweza dzanja." Mwanayo anagwira mphuno. Atayesanso, analira ngati mbuzi. Ankangobwereza zonse zomwe anzake anachita, chimodzichimodzi, uku akumuyang'ana Anti ndi maso ofunsa ngati walasa. Kumwetulira kuja kunali kukuchepa.

Anti Zitini anatsitsa chitini chake. Belu linalira pamwamba penipeni pa mutu wa Ndwii. Ana ena anatseka makutu n'kuthamangira m'kalasi. Iye anayamba waona anzake akuthamanga, ndiye n'kuwatsatira.

Ataweruka, anzake onse atatengedwa, Anti anamubweza mwanayo pabwalo paja. Anagwada kuti mwanayo amuone pakamwa.

"Unandimva m'chitini muja?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinati chiyani?"

Mwanayo anakweza mkono n'kuphimba tsaya. Anti Zitini anaudziwa mkono umenewo. Ndi iye yemwe anali mmodzi wa ouphunzitsa kukwera choncho. Anakumbukira khutu analikoka dzana lija, kenako anakumbukira chaka chatha, mwanayo atadwala malungo aakulu, makutu akutuluka mafinya pa pilo, mayi ake akuwatseka ndi thonje mpaka anauma okha. Onse anati wachira.

"Sindikumenya. Tiye tiseweretu, awiriwiri."

Anayesa khutu lamanzere, palibe. Lamanja, mwanayo anakwinya nkhope ngati akumvetsera chinthu cha kutsidya kwa phiri, koma dzanja silinakwere. Anti Zitini anapitiriza kuyankhula m'chitinimo, zopanda mutu, chifukwa ankaopa kusiya. Ndwii anatopa. Anatsitsa chitini, ndipo monga amachitira ana ndi chilichonse, anachiluma pa mkombero wa pansi, pomwe panalibe mphira.

Anaima chilili. Anachilavula, n'kuchiyang'ana, n'kuchilumanso.

"Ndwii," anatero Anti m'chitinimo, "kweza dzanja."

Dzanja linakwera pang'onopang'ono.

"Anti!" anakuwa mwanayo. "Muli m'mano mwanga!"

Anti Zitini sanadikire kutseka mawindo a kalasi. Anakulunga chingwe, n'kumubereka mwanayo ngakhale anali wolemera, n'kudutsa pakati pa msika chothamanga. Wokonza mafoni uja anamupatsa moni koyamba chiyambire, iye osamuona n'komwe.

Anapeza mkulu wake atatsitsa chikwama chabuluu, akusita kabudula womaliza.

"Achemwali, mwanayu makutu ake ndi otseka. Sakumva mawu athu."

"Wayambatu. Dzana unali wasayansi, lero ndiwe dokotala?"

"Ndaona ndi maso anga."

"Iwe umaona zambiri. Unaonanso kuti wa mafoni uja akufunsira." Anatembenuza kabudula mwaukali. "Mwana ndinabereka ndine. Ndikamuyankhula amandiyankha. Amasankha yekha zoti amve."

"Amakuwerengani pakamwa! Ndiye chifukwa chake amatiyang'ana choncho. Achemwali, mawa akapita kwa azakhali ake, akamuitana ali chofulatira, ndiye kudzakhala chiyani? Dzanja lawo mukulidziwa."

"Usandiphunzitse kulera, mwana wa dzulodzulo iwe. Ukudya zanga, ukugona panga..."

"Ndithamangitseni mawa. Koma lero gwirani chitinichi."

Anachiika pa tebulo losita. Mkulu wakeyo anachiyang'ana, n'kuona batani lake lofiira lili m'kati.

"Ndiye kuli mabatani anga kumeneku."

Koma anachitola. Mwina ankafuna kungomutsutsa mng'ono wakeyo kuti nkhani ithe. Anatuluka pakhonde, Anti n'kumuimika Ndwii kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, chitini chili pakhutu.

"Muuzeni chinthu choti sangachikane," anatero Anti.

Mayiyo anaika pakamwa m'chitini. "Ndwii, bwera udzatenge switi." Palibe. "Bwera, ndakugulira mpira." Mwanayo ankangowayang'ana, akumwetulira mwamantha. Mayiyo anasiya kunong'ona. "Mwana wanga, tabwera kuno kwa amayi ako." Ndwii anayang'ana Anti, n'kuyang'ana mayi ake, ndipo posadziwa chomwe akufunidwa, anadumpha kamodzi ngati chule.

Chingwe chinalendewera. Dzanja la mayiyo linali litagwa.

"Kungani, achemwali. Ndwii, luma." Anti anamuonetsa ndi mano ake.

Mwanayo analuma. Mayi ake anakoka chingwe. Kenako anaitana dzina lake lenileni, lija anamupatsa tsiku lobadwa, lomwe pakhomopo linali litaiwalika.

Mwanayo anataya chitini n'kuthamanga, n'kudzawakumbatira miyendo. "Amayi, mwandiitana bwino," anatero.

Mayiyo anakhala pansi pomwepo pa simenti. Anagwira mutu wa mwanayo, n'kuutembenuza uku ndi uku, akuyang'ana timakutu tija ngati akutiona koyamba. Anasisita tsaya ndi chala chachikulu. Kenako anayang'ana chikhatho chake, nthawi yaitali.

"Ndakhala ndikumenya pomwepa," anatero. "Pomwepa penipeni."

Anti Zitini anafuna kunena kuti nayenso anali wolakwa, kapena kuti zonse zikhala bwino, koma sankadziwa ngati zidzakhale bwino. Zomwe ankadziwa zinkathera pa chitini ndi ulusi. M'nyumba munayamba kununkha nsalu yopserera. Anathamanga kukachotsa simbi pa kabudula uja, yemwe anali atabooka kale.

Atabwerera anapeza mkulu wake akupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa diresi.

"Chikwamacho usamasule," anatero mayiyo. "Uchotsemo zambirizo, usiyemo juzi ndi thaulo. Mawa tilawirira ku chipatala. Azakhali akewo ndiwaimbira ndekha, anene zomwe anene." Anapumira m'mwamba. "Nanga akakati tinachedwa?"

Ndwii anali atatolanso chitini chake, wachiluma, ndipo ankakoka chingwe mobwerera m'mbuyo, akuloza mayi ake ndi chala kuti atenge chinacho.

"Yankhulaninso," anatero, mawu akutulukira m'mbali mwa mano.

Mayiyo anatola chitini. Manja ankanjenjemera kwambiri moti chingwe chinkangovina. Anti Zitini anagwada pambali pake, n'kumugwirira mkono kuti chikungike.