Ulendo wa Jobu Unathera pa Mvera

Chaka chimene boma linkasamuka ku Zomba, Efelo ndi mwamuna wake Jobu ankakhala m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya mzungu wina ku Eriya 12. Mudzi wawo unali utagumulidwa kuti pamangidwe maofesi, ndipo malo amene anawapatsa anali a miyala yokhayokha. Kanyumbako ndiko kanali kwawo. Jobu ankasamala maluwa, Efelo ankachapa.

Mzunguyo, yemwe ankajambula mapulani a misewu ya mzinda watsopano, anali ndi boti la thanga ku Senga Bay. M'mwezi wa Juni anaganiza zodutsa pakati pa nyanja mpaka ku Likoma. Mnzake woti apite naye atadwala, anangoloza Jobu. Kwa iye Mmalawi aliyense ankaidziwa nyanja.

"Ndiye mwavomera?" anafunsa Efelo.

"Ndikanatani, mayi a Sophie? Ndikane, tikagone kuti?"

"Inu amene mumasanza ndi pangolo pomwe? Basi ya ku Mitundu ija munaisambitsa yonse!"

"Ija inali mbatata."

Palibe amene anaseka. Jobu kusambira sankadziwa. Madzi aakulu amene anaonapo anali a mtsinje wa Lingadzi.

Bwana anali ndi njira zake zodziwira nyengo. Ankamvera wailesi, ankaimba lamya kwa oyeza nyengo a ku bwalo la ndege, ndipo ankagogoda ndi chala kachida konga wotchi kamene kanali pakhoma. Zonsezi zinkamuuza kuti nyanja ili bata. Koma mtima wa Efelo unakana kukhazikika. Anadikira pachipata cha nyumba yoyandikana nayo mpaka atatulukira Bambo Orton, mkulu wa m'boma wa ku Nkhata Bay amene anali atangofika kumene kuchokera ku Zomba.

"Wailesi siinama, mama," anatero Bambo Orton atamvetsera. "Koma oyezawo ali pamtunda, ndipo mwera suchita odi. Ine ndinachoka kunyanja kalekale. Pitani kumsika mukafunse ogulitsa nsomba."

Efelo anayenda wapansi mpaka ku Old Town, Sophie ali kumsana. Pamabenchi a nsomba panali usipa wouma basi. Anapeza bambo wina wachikulire wa ku Salima, dzina lake Sefu, akuingitsa ntchentche pa benchi lopanda kanthu.

"Chambo chachiwisi? Amayi, asodzi akokera mabwato kumtunda. Akuti mwera uli panjira."

"Ufika liti?"

"Mwina mawa, mwina mkuja, mwinanso utikhululukira. Akudziwa ndi Mwini wake."

Efelo anafotokoza za Jobu. Sefu anapukusa mutu, kenako anatulutsa kachidutswa ka jinja m'thumba la mkanjo.

"Azitafuna aka. Asadye zamafuta, asamwe mkaka. Asawerame, aziyang'ana kutali. Izi ndi za m'mimba. Za mafunde ndilibe mankhwala."

Atabwerera, Efelo anagwada pakhonde n'kumuuza bwana zonse. Bwana anamwetulira, analowa m'nyumba, anagogoda kachida kaja.

"Palibe vuto," anatero m'Chichewa chake chochepacho.

Efelo anakhala pamwala wochapira, jinja ali m'manja. Wailesi ikuti bata, asodzi akuti mwera, ndipo iye analibe njira yodziwira wolondola. Chimene ankachidziwa bwino chinali chimodzi chokha: mimba ya mwamuna wake. Akamupatsa jinjayo, mwina adzafika ku Senga Bay ali bwinobwino n'kukwera botilo. Anamanga jinjayo pamfundo ya chitenje.

M'mawa wa ulendowo anakazinga mandasi osakhetsa mafuta. Anaika ndi chambiko chodzaza kapu yaikulu.

"Idyani, bambo a Sophie. Akuti panyanja pamafunika m'mimba modzaza."

"Zonsezi? Kodi mukunditsanzika?"

"Idyani, musalankhule zachabe. Ndipo m'galimotomo muziwerama, mutu pakati pa maondo. Atero a ku Salima."

Jobu anamaliza zonse, ananyambita ndi zala. Anakwera kumbuyo kwa galimoto pakati pa zingwe ndi chigubu cha petulo. Efelo anaima pachipata mpaka fumbi litatha. Tsiku limenelo anachapa nsalu zochapa kale, maso ali pa nsonga za mitengo ya bulugamu. Tsamba likagwedezeka, mtima wake unkagwedezeka nalo. Nanga akapirira? Nanga bwana akamukakamiza chomwecho?

Dzuwa litapendeka, Jobu anatulukira pachipata akudzikoka, milomo itayera, malaya akununkha. Anali atabwera pa lole ya chimanga.

"Ananditsitsa pa Mvera," anatero, akukhala pansi. "Ndinayamba tisanafike n'komwe pa Chezi. Mapu ake onse ndaononga. Akuti akapeza msodzi konko. Akutinso akabwera, kanyumba aka tichokemo."

Efelo anayang'ana kanyumbako: chitseko chimene Jobu anachikonza yekha, ndi mpiru umene anabzala m'mbali mwa khoma. Kumwamba kunali kuli zii, mitengo itangoima. Mwina bwana adzafika ku Likoma osanyowa ndi phazi lomwe.

"Malangizo a anthu a ku Salima aja ndi abodza," anadandaula Jobu. "Ndikawerama m'pamene zimanyanya."

Efelo anamasula mfundo ya chitenje, n'kumuika jinja uja m'dzanja.

"Tafunani aka. Dzutsani mutu, muziyang'ana kutali."

Jobu anayang'ana jinjayo, anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Kenako anayamba kutafuna. Efelo analowa m'nyumba kukatsitsa nsalu zomangira katundu.