Maso a Emma

"Mugwireni mutu asagwedezeke," anatero Getrude uku akufikisa masamba a matimati m'manja mwake.

Mwamuna wake, Saulos, anagwada pamphasa n'kugwira mutu wa mwana wawo Emma, wa zaka zinayi. Mutuwo unkatentha ngati mbatata yongophula kumene. Linali tsiku lachitatu chikuku chimugwireni mwanayo, ndipo maso ake anali atatupa n'kumatana ndi manthongo. Getrude anakanula chikope ndi chala n'kufinyiramo madzi obiriwira aja. Emma analira mpaka mawu kusasa.

"Amake Emma, zowawa chonchi m'maso mwa mwana?" anafunsa Saulos.

"Mukafuna zokoma pitani mukafule uchi. Inu dziwani za matemba anu, za mankhwala mundisiyire ine."

Kunena zoona, mankhwala ankawadziwadi Getrude. Mudzi wonse wa kumtunda kwa doko la Kachulu unkathamangira kwa iye. Wa chimfine ankamufukiza mpungabwi atamufunditsa bulangete. Wotsegula m'mimba ankamuwiritsira masamba a gwafa, wa chifuwa masamba a bulugamu ndi ndimu. Zonsezi anaphunzira kwa malemu mayi ake, ndipo ambiri ankachiradi. Sankalipiritsa munthu. Malipiro ake anali kutamidwa, ndipo kutamidwako n'kumene kunamutseka makutu.

Mwana atagona, Saulos anayamba nkhani mosamala, maso ali pansi.

"Kudoko ndamva kuti kuchipatala ku Zomba kuli mankhwala opaka m'maso mwa ana a chikuku. Bwanji mawa tikwere lole ya nsomba?"

"Kuti akamubaye jakisoni? Chikuku chikaona jakisoni chimabwerera m'kati, mwana n'kupita. Mwaiwala mwana wa a Edina?"

"Ameneyo anapita naye atafooka kale."

"Ndiye mwasanduka dokotala lero? Komanso mwana wodwala sachoka pamudzi atsibweni ake osadziwa. Mkamwini asamakule mwendo."

Mawu amenewo anamufooketsa Saulos. Kwawo kunali ku Songani, pano anangobwera kudzakwatira. Nyumba anamanga yekha, munda wa mpunga ankalima yekha, koma pa nkhani ya ana mwini mawu anali Gerishomo, mchimwene wake wa Getrude, amene nthawi imeneyo ankakhala pa chilumba cha Chisi. Madzulo omwewo Saulos anatumiza uthenga kudzera mwa msodzi wina amene ankawoloka.

M'mawa mwake kunayamba mwera. Nyanja inachita thovu, mabwato onse anakokeredwa kumtunda, ndipo kwa masiku awiri panalibe wochoka pa Chisi.

Koma tisanamizire mphepo yokha. Lole ya nsomba inkanyamuka m'mawa uliwonse, mwera kapena ayi. Saulos ankaimva ikuliza hutala, ankaiona ikudutsa kuseri kwa nyumba ndi madengu a matemba pamwamba. Kawiri konse anaima pakhomo atavala malaya ake a kutchalitchi. Kawiri konse anawavula. Chimene ankaopa chinali chimodzi: mwana akakatsirizikira m'njira, adzati mkamwini waba mwana wa eni n'kukamuphetsa. Choncho m'mawa ndi madzulo ankagwada pamphasa paja n'kugwira mutu, mkazi wake akufinya. Ataona kuti maso sakusintha, Getrude anawonjezako kamchere, monga ankachitira mayi ake matenda akakanika.

Gerishomo anafika tsiku lachisanu ndi chimodzi, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Anapeza thupi la Emma litazizirako, zidzolo zikufundula.

"Mwaona, achimwene? Chatuluka chonse. Ena pano amafuna kukamubayitsa," anatero Getrude monyadira.

Gerishomo anamunyamula mwanayo kupita naye pabwalo powala, n'kumukanula diso lakumanzere. Pamene panayenera kukhala pakuda panali patayera. Anakanulanso linalo.

"Alamu," anatero kwa Saulos, "mwana wafika pamenepa inu muli pompano?"

"Timadikira inu, alamu."

"Kudikira ine? Ine ndili ndi chiyani m'thumba, mankhwala a maso? Mukanapita naye, ine n'kumva muli komweko, ndikanakuthokozani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Masiku onse aja Saulos anali kuopa mlandu umene mwini wake sankauganiza n'komwe.

Tsiku lotsatira anakwera lole onse atatu, makhadi a chipani ali m'thumba poopa kutsitsidwa panjira. Emma anali kumsana kwa mayi ake, atamufunditsa chitenje kumutu chifukwa cha fumbi.

Kuchipatala anawalandira dokotala wachikulire wa imvi m'mbali. Anaunika maso a mwanayo ndi katochi, kenaka anatembenukira kwa makolo.

"Mwakhala mukumuthira chiyani?"

Saulos anayang'ana mkazi wake. Gerishomo anayang'ana kudenga. Getrude, amene pamudzi sankasowa yankho, anayankha monong'ona.

"Masamba a matimati, bambo. Ndi kamchere."

"Masiku angati?"

"Asanu. M'mawa ndi madzulo."

Dokotalayo sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anangozimitsa katochi kaja n'kulankhula motsitsa mawu.

"Chikuku pachokha chimatha kuika zilonda m'maso, mayi. Tsono pachilonda mukamathirapo zimenezi, diso limapsa. Lakumanzereli latha. Lakumanjali mwina lizidzasiyanitsa kuwala ndi mdima, koma nkhope ya munthu sindikulonjezani. Mukanabwera masiku atatu apitawo, bwenzi tikukamba zina."

"Mayi anga ankathira omwewa," anatero Getrude. "Inenso anandithira. Si ine ndikuonayu?"

"Munachita mwayi, mayi."

Anagona kuchipatalako sabata imodzi. Jakisoni anamubayadi Emma, ndipo chikuku sichinabwerere m'kati. Anayamba kudya phala, tsiku lina anaseka atamva atsibweni ake akuyetsemula. Powatulutsa anawapatsa kachubu ka mankhwala opaka m'diso lotsalalo, katatu patsiku, osadumphitsa.

Atafika kumudzi anthu anabwera kudzazonda, ena n'kumathokoza kuti mwana wapulumuka. Getrude ankangovomera ndi mutu. Chisoni chinali chitamudya moti chitenje ankachimanga mobwereza kuti chisagwe. Saulos sanamunene ngakhale liwu limodzi. Akanamunena bwanji, poti manja ogwira mutu anali ake?

Masana a tsiku limenelo, alendo atabalalika, nthawi ya mankhwala inakwana. Emma anali atakhala pamphasa pakhonde, akupapasa chisononkho cha chimanga chimene ankachisandutsa mwana. Getrude anasamba m'manja, anatenga kachubu kaja n'kugwada kumanzere kwake.

"Emma, bwera ndikupake mankhwala."

Mwanayo anaumitsa thupi. Anabisa nkhope m'manja, kenaka anaichotsamo msanga, n'kutong'ola maso oyera aja ndi mphamvu zake zonse.

"Ndachira, amayi. Musandithire. Ndikuona bwinobwino. Onani, ndikukuonani."

Ankanena zimenezi akuloza chipupa, kumbali kumene kunalibe munthu.

Getrude anakhala chogwada, kachubu kali m'manja. Kenaka anakapereka kwa mwamuna wake.

"Mupakeni ndinu, bambo a Emma. Ine manja angawa akuwaopa."

Saulos anamukhazika mwanayo pamiyendo, ndipo Emma anakweza nkhope yekha osalira. Getrude anasunthira kumapeto kwa khonde, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje kuti mwana asamve kumene ali.