Chitseko cha Make Mapasa

Chitsekocho chinayamba kulendewera malemu ali moyo, ndipo munthuyo anapita osachikonza, monga anasiyira zambiri. Mkazi wake, make mapasa, ankangochitchinjiriza ndi mpando.

Mlamu wake, mng'ono wa malemu, anapezerapo njira. Ankangokankha n'kulowa, osaodira, kuvundukula mapoto, kuyeza wailesi ndi maso. Ankati mawa abwera ndi zida. Mawa lake ankabwera ndi mimba yokha. Kenaka anayamba kunena kuti nyumba yosatsekeka imafunika mwamuna wogonamo.

Atamva zimenezo, make mapasa anazula chitsekocho, kuchikweza pawilibala, ulendo wa kushedi ya kuseri kwa msika, komwe anthu amabwerekana zida n'kumaphunzitsana ntchito. Anafikira m'phokoso la macheka, utuchi mpaka m'mphuno. Kalipentala woyang'anira malowo, mayi wapensulo kukhutu, anamuuza kuti pano sakonzera munthu, amangomuonetsa.

"Ndiye inu mumadya chiyani pano, utuchi?" anatero make mapasa.

Mayiyo anangomupatsa hamala ndi chopalira matabwa.

Thabwa la m'mbali linali lofumbwa. Make mapasa analichotsa, kudula lina, kuyamba kupala. Mkwiyo wonse anauthira pathabwalo moti anapala mopitirira. Hamala itamupeza chala anatukwana malemu ndi mlamu pamodzi, telala wapakona anaseka mpaka kusokera thumba la malaya kumsana. Mahinjesi anawakhoma mozondoka. Kalipentala anaona koma anangoluma pensulo yake, mpaka mwiniwake atazindikira yekha. Anazula, kukhomanso, osayang'ana munthu. Pomaliza anaikapo kachitsulo kotsekera m'kati.

Kunyumba, mayi woyandikana naye anamugwirira chitsekocho iye akukhomera pafelemu. Chinakhala chopendekera pang'ono, pansi pali mpata woti mwana wa mphaka n'kudutsa osawerama. Koma kachitsulo kaja kanalowa m'malo mwake, gwa.

Mlamu anabwera nthawi yake yomweyo, mapoto ali pamoto. Anakankha ndi dzanja. Anakankha ndi phewa. Kenaka anaodira.

"Odi, alamu."

Make mapasa anayang'ana chala chake chotupa chija, osadzuka pampando.

"Eee, mumadziwa kuodira? Yankhulani pomwepo, pansipo ndasiyapo mpata, ndikumva."

Mlamu anafunsa kuti wakonza ndani. Anamuyankha kuti mwini nyumba. Nsapato zinakwekwereza pakhonde kwa kanthawi, kenaka zinamveka zikutsika masitepe.

Make mapasa maso anali kale pazenera la kuchipinda, lomwe nalonso linali lomangidwa ndi waya. Limenelo pawilibala likwana bwinobwino.